Pikapu ya Bambo Sitigulitsa

Mwaswera bwanji nonse? Ine mtima wakhala pansi, pikapu ya malemu bambo sipita kwa ogula zitsulo zakale.

Mukudziwa mmene kumbuyo kwake kunachitira dzimbiri ndi madzi a usipa umene ankanyamula kupita ku Khombedza. Achimwene a Yusufu amati tingopakapo penti, ine ndakanitsitsa. Penti ya pa dzimbiri imamatuka mvula yoyamba!

Ndiye tapala ndi bulashi ya waya, kenako sandipepala, mabawuti tawanyika mu viniga. Ndimaopa kuti bulashiyo ibowola mpaka tione dothi. Koma makaniko wagogoda ponseponse ndi hamala, akuti chitsulo chikadali cholimba, pofunika kuwotcherera ndi pakona pokha pamene pankakhala dengu la usipa.

Abale inu, titapala penti yoyera ya pachitseko, patuluka mtundu wobiriwira wakale uja. Amayi angoikapo dzanja, kenako akuti, "Tsiku la ukwati wanga inali chonchi."

Mawa tipaka penti yoteteza ku dzimbiri. Nanga pamwamba? Achimwene akuti yoyera, ine ndikuti yobiriwira. Inu mukuti bwanji? Yankhani momasuka, koma dziwani kuti amayi aitanitsa kale yobiriwira.