Gudumu Lopanda Manyazi

Ndimagulitsa nsapato za kaunjika mumsika wa Mzuzu, ndipo luso langa lonse lagona pa chinthu chimodzi: ndimadziwa nthawi imene munthu wafewa. Kasitomala akakana mtengo koyamba, sindidandaula. Akakana kachitatu, ndimagwada n'kumuveka nsapatoyo ndekha. Pofika kachisanu ndi chiwiri manyazi amakhala atamugwira, dzanja limalowa lokha m'thumba. Palibe munthu amakana mpaka kalekale. Nzeru imeneyi yandidyetsa zaka zambiri, ndipo ndi yomweyo inandipusitsa.

Kuseri kwa mashopu a kwathu ku Chibanja kunatsegulidwa kanyumba ka juga. Ine wogulitsa nsapato zovalidwa kale fungo ndimalidziwa, koma la mmenemo linkandiposa: thukuta, majekete onyowa ndi mvula, mpweya wa mowa wadzulo. Pakhoma panali kanema woonetsa gudumu likuzungulira, kampira kakudumphadumpha mpaka kugwera pa nambala yofiira kapena yakuda. Ukalosera mtundu molondola, ndalama yako inkabwera ndi inzake. Galasi la kanemayo linali lonata ndi mafuta a tchipisi, pakuti amuna akuluakulu, ena oyimba nawo kwaya Lamulungu, ankalisisita ndi zala n'kumalinyengerera ngati chibwenzi.

Ine ndinkawaseka. Ndinkati awa ndi otchova juga, ine ndine wamalonda. Ndinagula kope n'kumalemba mtundu uliwonse umene wagwa. Chiphunzitso changa chinali chachidule: yofiira ikagwa kasanu ndi kawiri motsatizana, ndiye kuti gudumu lakana mokwanira, lafewa, yakuda ikubwera.

Tsiku lina Lachinayi masana, mwana wanga wamkazi, amene anali Fomu 4, analipeza kopelo pansi pa wailesi.

"Adada, mwayambanso sukulu?"

Ndinamufotokozera monyadira. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anapita kukhitchini. Anabwera ndi sokosi yanga yakale, nyemba zofiira khumi ndi zisanu ndi zitatu, zakuda chimodzimodzi, ndi nsawawa imodzi yobiriwira. Anati aphunzitsi awo a masamu anawaonetsa zomwezi pophunzitsa za mwayi.

"Pisani, adada."

Ndinatulutsa yofiira. Anaibwezera m'sokosi n'kukhutchumula.

"Tsopano zofiira zilimo zingati?"

"Zomwe zija."

"Nanga mukatulutsa yofiira kasanu ndi kawiri, ine n'kumabwezera, zakuda zichuluka?"

"Sizichuluka, koma nthawi yake imakhala yakwana."

"Waiuza ndani sokosiyo kuti nthawi yakwana? Ili ndi kope ngati lanuli?"

Ndinamuuza kuti asandiyankhule ngati ndine mnzake wa m'kalasi. Kenako ndinafunsa za nsawawa ija.

"Imeneyo ndi ziro wa pagudumu paja. Ikatuluka, wa yofiira waluza, wa yakuda waluza. Ndi ya mwini nyumba, ndiyo imamulipirira lendi."

"Iwe mwanawe, anthu ndimawadziwa ine."

"Anthu mumawadziwa chomene, adada. Koma gudumu si munthu."

Mawa lake ndinali ndi mpamba wonse m'sokosi ya kumwendo, ndalama yogulira belo la nsapato Loweruka m'mawa. Popanda belo limenelo benchi yanga ikanakhala mbee mwezi wathunthu. Ndinangoti ndidutsireko pakanyumba paja, ndione chabe. Ndinapeza yofiira itagwa kasanu ndi kamodzi. Inagwanso ine ndikuona. Ndinadikira dala, monga ndimachitira ndi kasitomala wouma mutu, ndipo inagwa kachisanu ndi chitatu. Mtima unati, uyu wagwada yekha. Ndinavula nsapato pamaso pa anthu, n'kutulutsa theka la mpamba, n'kuika pa yakuda.

Yofiira.

Bambo wina wopanda mano akutsogolo anandipumira m'khosi. "Sono ndiyo yapsa, dada! Ikanipo zonse!" Ndinamuyang'ana. Milomo yoyera ndi njala, m'manja muli kakope kothothoka, konga langa lomwe. Ndinanyansidwa naye, kenako ndinazindikira kuti iyenso akundiona ngati mbale wake. Dzanja langa linali litafika kale pa sokosi, ndipo chimene chinandibwerera m'mutu ndi sokosi ina ija, ikukhutchumulidwa, yosadziwa kanthu.

Chimene ndinachita pambuyo pake ndi chimene chimandichititsa manyazi kuposa kuluzako. Ndinapita pazenera la mtsikana wolandira ndalama n'kuyamba kunenerera.

"Achemwali, ine ndine kasitomala wanu wa tsiku ndi tsiku. Mundibwezereko pang'ono."

"Sizitheka, adada."

"Ngakhale kabasela? Kuzungulitsa kamodzi kaulere?"

"Kuno si kumsika, adada. Yewo, pali anthu kumbuyo kwanu."

Ndinapempha kasanu ndi kawiri, ndinawerenga. Sanafewe ngakhale pang'ono, maso ali pa foni.

Loweruka ndinachita kupempha mnzanga wa ku Masasa, amene timalandana makasitomala tsiku lililonse, kuti tisonkherane belo limodzi. Anavomera, koma anati iye ndiye ayambe kusankha. Anatola zikopa zonse zabwino akuimba mluzu. Ine ndinatsala ndi zophwanyika zidendene, zopindika mphuno, ndi zitatu za mwendo wamanzere zokhazokha.

Nsapato yopindika timaiphatika mapepala m'kati kuti iwongoke. Madzulo ake mwana wanga anakhala nane pakhonde kundithandiza kuzitsuka. Za theka la belo sanafunse. Manyuzipepala atatha, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kope lija.

"Ndiyambire kutsogolo kapena kumbuyo, adada?"

"Kulikonse," ndinatero. "N'chimodzimodzi."

Anang'amba tsamba loyamba. Linakwana bwinobwino mu saizi 9.