Ndinapha nsomba za malemu mkazi wanga ndi mankhwala a madzi akumwa

Ine ndine munthu wosapupuluma. Kumpingo kwathu akafuna woti akamve mbali zonse ziwiri pa nkhani ya banja, nthawi zambiri amatuma ine, chifukwa sindifulumira kugamula. Koma m'mawa wina wa mwezi wa Juni ndinapupuluma, ndipo dzuwa lisanalowe nsomba khumi ndi zisanu zinali zitafa m'nyumba mwanga ndi dzanja langa lomwe, zambiri mwa izo zimene malemu mkazi wanga anandisiyira. Ndikulemba izi kuti inu owerenga amene mumaweta nsomba m'nyumba, kapena mukuganiza zoyamba, musadzachite zimene ndinachita ine.

Ndimakhala ku Kawale ndipo ndine telala, makina anga ali pakhonde. Mkazi wanga, Anangozo, anagwira ntchito ya m'nyumba zaka zambiri kwa banja lina ku Area 10. Banjalo posamukira kunja linawasiyira thanki yagalasi ya nsomba, pamodzi ndi pampu ya mpweya ndi sefa yoyeretsa madzi. Nsomba zake ndi tija amati magapi, tating'ono kuposa matemba, tamichira yamawangamawanga, timene timabereka ana amoyo m'malo moikira mazira. Tsiku limene thankiyo inafika anansi anaseka kwambiri. Amayi ena anafunsa kuti, "Ndiye muzidikira zaka zingati kuti zikwane ndiwo za tsiku limodzi?" Anangozo anangoiika thankiyo m'chipinda chochezera, pafupi ndi zenera, ndipo anaisamalira zaka zisanu ndi chimodzi. Nsombazo zinkabereka, zokalamba zikufa, zazing'ono zikukula, koma mtundu wake unali womwe uja. Ine ntchito yanga inali kuyang'ana basi.

Anangozo atayamba kudandaula m'mimba, tinati tidikire tione. Tinkagula mapiritsi opha ululu kugolosale, n'kumati mwina ndi zilonda zam'mimba. Pamene tinkapita kuchipatala miyezi inali itapita, ndipo madokotala anatiuza mwaulemu kuti tachedwa. Ali pabedi m'chipatalamo anandiuza kuti, "Nsomba zanga muzizidyetsa pang'ono, abambo a Tiyamike. Musamazikhutitse ngati alendo a ukwati." Sabata yotsatira anatisiya.

Chaka chonse ndinachita zimene ndinkaona iwo akuchita. Kadyedwe kanali kamodzi m'mawa, kachakudya kongotsina ndi zala. Loweruka lililonse ndinkachotsako ndowa imodzi ya madzi n'kubwezeramo ina yochokera mumgolo umene timasungira madzi mpopi ukauma. Chifukwa chake chotungira mumgolo osati pampopi sindinkachidziwa, ndinkangotsatira. Mwana wathu Tiyamike, amene anakwatiwa ku Area 25, akabwera kudzandiona ankayamba waima pathankipo asanakhale pansi. Ndinkadziwa kuti akuona mayi ake. Nsomba zinalipo makumi awiri.

Titamanga chiliza kumudzi ku Ntcheu, alamu anga a Ngozo, mchimwene wa malemu, anabwera kudzandiona kuno kutauni. M'manja anali ndi kajumbo komanga pakamwa, muli madzi ndi magapi anayi amene anagula kwa munthu wina pamsika. Anati, "Alamu, chemwali wanga ankazikonda izi. Ndati ndiwonjezere khola." Kena kake mumtima kanandiuza kuti nsomba zachilendo siziyenera kungolowa. Koma inu owerenga mukudziwa mmene timalandirira mphatso kwathu kuno. Mlamu wako wabwera ndi chinthu pokumbukira mlongo wake, iwe n'kuchiika m'beseni kuseri kwa chitseko ngati ukuchikayikira? Ndinamasula kajumboko n'kukhuthulira zonse muthanki, madzi ake omwe, iwo akuona. Tinapemphera, tinamwa tiyi, anapita ali okondwa.

Masiku amenewo kunkazizira kwambiri, ndipo magetsi ankazimazima. Patapita sabata ndi masiku angapo ndinaona nsomba imodzi ikudzikhula pamwala ngati mbuzi pachipupa. Nditayang'anitsitsa ndinaona timadontho toyera pamchira pake, ngati wina waiwaza mchere wosalala. Mawa lake nsomba zamadontho zinali zisanu. Zina zinapinda zipsepse n'kungoima pakona, chakudya osachifuna.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwenikweni, ndipo ndikufuna mumvetse chimene chinandikankha. Mumtima mwanga munali mawu amodzi okha: tachedwa. Ndinali nditalumbira kuti m'nyumba mwanga simudzafanso chamoyo chifukwa choti ine ndinati tidikire tione. Choncho sindinafunse munthu, sindinapemphere n'komwe. Ndinangoganiza kuti madontho ndi majeremusi, ndipo chopha majeremusi m'madzi ndinali nacho pashelefu. Nthawi ya dzinja, kolera ikamaopsa, alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa kuthira kolorini m'madzi akumwa, chotsekera cha botolo chimodzi pa ndowa imodzi. Uphungu umenewo ndi wabwino ndipo wapulumutsa anthu ambiri, ine ndimautsatira chaka chonse. Ndinawerenga kuti thanki imalowa ndowa zitatu, n'kuthiramo zotsekera zitatu. Ndinadziuza kuti madzi amene ine ndimamwa sangaphe nsomba.

Ndisanabwezere n'komwe botolo pashelefu, nsomba zinayamba kuthamanga uku ndi uku, kugunda galasi, kenako zonse zinakwera pamwamba kukamwa kuli yasa. Ina inatembenuka chagada ndikuona. Ndinathamangira kukhitchini, ndinatunga madzi a mumgolo m'beseni, n'kuyamba kuzivuula ndi sefa ya tiyi. Ndinavuula khumi ndi imodzi zikupumabe. Khumi ndi zitatu zinatsala zitayandama, ndipo pakati pake panali yaikazi yaikulu imene Anangozo ankaitchula kuti Mayi Busa chifukwa inkayenda modekha zinzake zikuitsatira. Pofika madzulo ziwiri zina zinafera m'beseni. Zinatsala zisanu ndi zinayi.

Mawa lake ndinachita chimene ndinayenera kuchita poyamba. Ndinaika nsomba imodzi yamadontho m'botolo lagalasi, ndinalikulunga ndi nsalu kuti isazizidwe, n'kukwera minibasi kupita mutauni kukafuna amayi ena amene amagulitsa nsomba zoweta ndi zipangizo zake. Analiyang'ana botololo padzuwa n'kunena nthawi yomweyo kuti ndi matenda a madontho oyera, odziwika kwa aliyense woweta nsomba, ndiponso ochizika. Kenako anafunsa ngati ndathiramo kanthu muthanki. Nditawauza, anaika botolo pansi.

"Kolorini wa kolera uja? Aa abambo, nsomba zanu zimatsegula m'mimba kodi?"

Anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka, n'kundikokera mpando. Anandifotokozera bwinobwino, ndipo zimene ananenazo ndazitsimikizira ndekha, n'chifukwa chake ndikuzilemba mosakayika. Nsomba imapuma kudzera m'timinofu tofewa tam'mbali mwa mutu, ndipo kolorini amatiwotcha. Ngakhale madzi apampopi amakhala ndi kolorini wokwanira kuivulaza, n'chifukwa chake amayenera kugona m'chidebe chosavindikira masiku awiri, kapena kuthiridwa timadontho tochotsa kolorini, asanalowe muthanki. Pamenepo ndinamvetsa chimene Anangozo ankatungira mumgolo, ndi chimene chinapulumutsa zotsalazo.

Madontho oyerawo ndi tizilombo timene timabisala pansi pa khungu la nsomba. Timabwera ndi nsomba zatsopano kapena ndi madzi ake, ndipo timagwira mosavuta nsomba zimene zafooka ndi kuzizira. Tikakhuta timagwera pansi pa thanki, timaswana, ana ake n'kumasambira kufuna nsomba ina. Mankhwala amapha okhawo osambirawo, kamene kali pakhungu sakafika. Choncho munthu sachiza tsiku limodzi ayi, ndipo sasiya pongoona kuti madontho atha.

Pomaliza amayi aja anandisonyeza magapi ena ofanana ndendende ndi amene anafa. Anati ndikatenga khumi ndi asanu palibe angadziwe. Ndinaganiza za Tiyamike, n'kuona kuti kumeneko kukhala kumunamiza. Ndinakana. Ndinagula hita ya m'madzi, kachipangizo koyezera kutentha, mchere wosasakaniza ndi kanthu, ndi kabotolo ka mankhwala abuluu a matendawo.

Kunyumba ndinakhuthula thanki yonse, ndinatsuka galasi ndi timiyala ndi madzi okhaokha popanda sopo, n'kuidzaza ndi madzi a mumgolo. Nditabwezeramo nsomba ndinakweza kutentha pang'onopang'ono, masiku awiri, kufika madigiri 28, chifukwa madzi ofunda amafulumizitsa tizilombo kuchoka pakhungu n'kukumana ndi mankhwala. Mchere ndinkayamba ndausungunula m'kapu, supuni yaikulu imodzi pa ndowa imodzi. Mankhwala abuluu ndinathira monga analembera pabotolo, osapitiriza. Pakapita masiku awiri ndinkachotsako madzi ochepa, ndikuyamwa zinyalala zapansi ndi kapaipi. Magetsi akazima ndinkafunditsa thanki ndi bulangete n'kuyandamitsamo botolo la madzi ofunda lotseka bwino. Chakudya ndinachepetsanso, popeza kolorini anali atapha ngakhale tizilombo tabwino tam'sefa timene timayeretsa madzi. Makasitomala ankandipeza ndili ndi ndowa m'manja m'malo mwa tepi, ena ankaseka kuti telala wasanduka dokotala wa matemba.

Tsiku lachitatu madontho anachuluka kuposa kale. Mtima unandiuza kuti ndithire china, koma ulendo uno ndinadikira, chifukwa ndinkadziwa chimene ndikudikira. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anayamba kuchepa. Atatheratu ndinapitiriza sabata ina yathunthu. Mwa zisanu ndi zinayi zija palibe imene inafa.

Tiyamike anabwera Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi. Anaima pathanki, ndipo ndinaona milomo yake ikuwerenga. Asanafunse ndinamuuza zonse, kuyambira pa kajumbo mpaka pa zotsekera zitatu. Anandifunsa kuti, "Adadi, foni munali nayo m'thumba. Bwanji osandiimbira?" Analira pang'ono, anapukuta maso, n'kundifunsa kuti madzi ndisintha liti kuti adzabwere kudzaphunzira. Alamu anga nawonso ndinawauza, koma sindinawaimbe mlandu. Iwo anabweretsa chikondi m'kajumbo, zoti muli tizilombo sakanadziwa.

Tsono inu owerenga, mverani kwa munthu amene analipira. Nsomba yatsopano, kaya yachokera kwa mlamu, kwa abusa kapena kwa bwana, ikhale m'chidebe chakechake milungu itatu kapena inayi musanaisakanize ndi zanu, ndipo madzi amene yabwera nawo musawakhuthulire muthanki. Wokupatsaniyo mufotokozereni mwaulemu, munthu wabwino amamva. Nyengo yozizira ikamayandikira konzekerani zofunditsira madzi. Muziyang'ana nsomba zanu tsiku lililonse pozidyetsa: kodi zikudya, zipsepse zatambasuka, zikudzikhula pamiyala, zikupumira pamwamba? Mukaona chachilendo, jambulani ndi foni kapena nyamulani imodzi m'botolo mukaonetse wodziwa tsiku lomwelo. Kumeneko ndiye kufulumira koyenera. Koma kolorini, sopo, makapisozi otsala a mwana, chilichonse chopangira anthu, chisayandikire madzi a nsomba, ndipo musathire kanthu musanadziwe dzina la matenda amene mukulimbana nawo.

Ndimakhulupirira kuti Mulungu anandikhululukira, ndipo mwana wanga anandikhululukira. Koma choonadi sindichibisa. Matenda amene ndinkawaopa aja sanaphe nsomba ngakhale imodzi m'nyumba mwanga. Zonse khumi ndi zisanu ndinazipha ndine, pofuna kuzipulumutsa.