Andidulira chitenje cha amayi

Anthuni, chitenje cha malemu amayi anga achidula. Achisandutsa chopondapo mapazi.

Ndine nesi kuno kwa azungu, ku Dudley, chaka chino n'chachinayi. Amayi anatisiya mu Febuluwale kwathu ku Dedza. Maliro sindinapite, pasipoti inali isanabwere koonjezera viza. Ndinalirira pafoni mpaka khadi kutha. Pogawa zovala, achemwali ananditumizira chitenje chimodzi, chobiriwira, chosuluka. Pansonga pake panali mfundo, mmene amayi ankamangira tinthu tawo. Ukagwira umamva kanthu kolimba mkati, kakang'ono ngati nyemba. Sindinamasule. Anamanga ndi zala zawo, ine ndimasule bwanji?

Titasamukira m'nyumba ino, mwana wanga Tadala anaumirira kuti pabalaza tikongoletse ngati ku Morocco. Khoma lamtundu wa katondo, nyali zamkuwa zobowolabowola, mipando yaifupi yamakushoni. Ndinavomera, nanenso ndinkafuna chondiiwalitsa. Tinapeza shopu ina ku Birmingham yogulitsa zimenezi, ndipo amasokanso n'kuika nsalu m'mafelemu. Nyali tinagula komweko.

Loweruka, 11 koloko m'mawa, ndinatsika basi chitenje chili pachifuwa. Mayi wapakauntala ndinamuuza katatu konse: musachape, musadule, mfundoyo musaikhudze. Chilowe m'felemu, chikakhale pakhoma pakati pa nyali ziwiri. Analemba pakapepala kachikasu n'kumata pajumbo. Akuti ndisadandaule, nsalu za ku Africa amazidziwa bwino.

Patatha masabata atatu, Lachisanu 3:20 masana, anaimba kuti zatheka. M'mawa mwake ndinapita. Mayi uja anatuluka akumwetulira, atanyamula chikushoni chozungulira chapansi, chija amati pufu. Ndinachizindikira ndi mtundu.

Akuti kapepala kaja kanagwa. Akuti telala wawo ataona kuti katundu wanga yense ndi wa sitayilo ya Morocco, anaganiza kuti ndikufuna pufu, poti felemu siyenderana nazo. Anaganiza! Nambala yanga anali nayo, foni inali yotani? Akutinso anayamba achichapa chifukwa chinkanunkha utsi. Utsi umenewo ndi umene ndinkanunkhiza ndikaweruka kuntchito. Ndi amayi anga amenewo.

Ndinafunsa za mfundo. Anaitana manijala, bambo wamtali wa tepi yoyezera m'khosi. Akuti nsonga zinali zothaitha, ndiye anadula n'kutaya, ndipo mabini a zinyalala anatenga kale Lachiwiri. Kenako akuti pofuna kupepesa ndisankhe nsalu iliyonse m'shopumo ulere, zina zangofika kumene kuchokera ku Marrakesh, mzinda wa ku Morocco. Koma abale! Ku Marrakesh amagulitsanso amayi a anthu?

Ine kuwodi wodwala akamwalira, ngakhale chipeso chothyoka timaika m'jumbo n'kulembapo dzina, chifukwa sitidziwa chimene abale ake adzachifune. Iwowa chinawavuta n'chiyani?

Sindinakalipe. Ndinangonyamula pufuyo n'kukakwera basi, misozi ili chuchuchu, azungu akuyang'ana kumawindo. Pano ndaiika pamwamba pa wodirobu kuti wina asaipondere. Nyali zija zikadali m'katoni, ndipo Tadala sakuzitchulanso. Achemwali akaimba kufunsa ngati chitenje ndachipachika, ndimangoti netiweki ikuvuta.

Anzanga a ku Oldbury, a ku Hanley, nonse muli kuno: chinthu cha malemu musachisiye m'manja mwa munthu wa shopu, ngakhale alembe pakapepala inu mukuona.

Ndipo inu a shopu, nsalu zanuzo khalani nazo. Ndaimba kanayi, mukungoti telala watuluka. Mufunseni funso limodzi lokha. Asanataye kansongako, anamasula? Ngati anamasula, angondiuza chimene amayi anamangamo.