Tsiku la Sikelo Limene Sindinabwerere

Ndinakwatiwa ndili wamng'ono, nthawi ija ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkakwera basi kapena kulowa mumsika popanda khadi ya chipani. Amuna anga ankadula mitengo ya paini pa phiri la Dedza. Kwathu mwamuna ndiye amadzamanga kwa mkazi, koma iwo anapempha chitengwa chifukwa cha ntchito, ndipo atsibweni anga, alongo awo a amayi, anavomera. Tinkakhala m'nyumba za antchito m'mphepete mwa nkhalango, mabanja awiri denga limodzi, khoma lokha kutisiyanitsa.

Chaka choyamba anali munthu wabwino, zimenezo sindingakane. Anayamba kundimenya ndili woyembekezera. Zifukwa sizinkasowa: ndiwo zachepa mchere, ndachedwa kumadzi, ndapereka moni kwa akapitawo ndikumwetulira. Kawiri konse ndinathawira kwathu, ndipo kawiri konse ankhoswe anandibweza, amvekere banja ndi kupirira. Nditabwerera kachiwiri, amuna anga anatenga khadi yanga ya chipani ndi khadi ya sikelo ya mwana wathu wamkazi n'kuzikhomera m'bokosi lawo la malata.

"Ukadzathawanso, kwanu ndikukudziwa," anatero, osakweza n'komwe mawu.

Kuseri kwa khoma lija kunkakhala mayi wina wachikulire, mkazi wa alonda a nkhalango. Ankapikula mbatata ya kachewere m'midzi n'kumakagulitsa pamsewu ku Chimbiya. Sanali wocheza kwambiri, ndipo ine ndinkawaopa pang'ono. Tsiku lina tikuchapa kumtsinje anaona kuti ndikufinya zovala ndi dzanja limodzi. Anadikira mpaka amayi ena atasenza mabeseni awo.

"Mwana wanga, khoma lija n'lopyapyala."

"Ndinagwa, amayi."

"Inenso ndinkagwa choncho kwa mwamuna wanga woyamba." Anandilanda bulangete n'kuyamba kulifinya. "Sindikukuuza kuti uchoke, banja ndi lako. Koma ukadzafuna kutero, usadzachoke monga unachitira muja, ukulira pamsewu aliyense akukuona. Udzandiuze, tidzakonze bwino."

Panapita miyezi iwiri. Chimene chinandisintha maganizo n'chakuti tsiku lina amuna anga anandiponyera mpini mwana ali kumbuyo, mpiniwo n'kudutsa pafupi ndi mutu wake. M'mawa mwake ndinapita kwa amayi aja ngati ndikukapala moto, n'kuwauza kuti ndakonzeka.

Ndinkayembekeza kuti anena kuti mawa lomwe. Iwo anati choyamba ndi kukhala wamoyo mpaka tsikulo lifike. Anandiuza kuti ndikaona nkhope ya amuna anga yasintha ndisamathawire kukhitchini kumene kuli mipeni, koma ndiziima pafupi ndi khomo lotulukira. Nkhwangwa yathu amayiwo anadzabwereka okha, amuna anga ali pomwepo, ndipo ankangoiwala kubweza. Tinagwirizananso kuti zikavuta ndizigogoda khoma katatu. Ndinagogodapo kamodzi. Posachedwa alonda aja anafika pakhomo, ati akupempha fodya, ndipo anakhala pakhonde kukamba za mvula mpaka amuna anga anatopa.

Chachiwiri chinali kutseka pakamwa.

"Usauze aliyense, ngakhale anzako a kukwaya. Si oipa ayi, koma ali ndi amuna awo, ndipo amunawo amadulira limodzi mitengo. Uzisesa monga umasesera, uziseka monga umasekera."

Zovala tinkazichotsa chimodzichimodzi. Tikachapa, kadiresi ka mwana kapena chitenje changa chinkayanikidwa pachingwe chawo, osabweranso. Iwo ankachikulunga n'kuchiika pansi pa mbatata m'thumba, n'kukachisiya kwa mng'ono wawo amene ankakhala ku Chimbiya komweko. Khadi ya chipani anandigulira ina kumeneko, atauza ogulitsa kuti ndi ya mdzukulu wawo, ndipo ankaisunga okha.

Tinavutana pa nkhani ya kopita. Ine ndinkafuna kwa amayi anga.

"Kumene akayambire kukufuna n'kumeneko. Ndani wina amene iyeyu sanamuonepo?"

Ndinakumbukira amayi anga aang'ono, amene anakwatiwa kumudzi wina kufupi ndi Kabwazi ndipo sanabwere paukwati wathu chifukwa anali ndi mwana wakhanda. Amayi aja anati kumeneko n'kwabwino. Kenako anataya tsiku lathunthu la malonda n'kupita okha kwa atsibweni anga. Pambuyo pake atsibweni anandiuza kuti mlendoyo anakana ngakhale mpando. Anafotokoza za dzanja, za dzino langa loguluka ndi za mpini uja, kenako anafunsa kuti, "Mwana wa mlongo wanuyu mukufuna mudzamulandire akuyenda kapena atamunyamula?" Atsibweniwo ndi amene anatumiza uthenga kwa amayi aang'ono.

Tsiku lokhalo limene ndinkaloledwa kutsika phiri ndekha linali la sikelo, kamodzi pamwezi. Pa tsikulo amuna anga ankatsekula bokosi n'kundipatsa khadi ya mwana, chifukwa ankanyadira akamva kuti mwana wakwera sikelo. Tinasankha tsiku limenelo. Amayi aja anandichenjeza kuti chilichonse chikapanda kuyenda monga tapanganira, ndingopita kusikelo n'kubwerera kunyumba, popeza mwezi wina uliko.

Ndipo zinaterodi. M'mawa wa tsikulo kunagwa mvula yamphamvu, antchito sanapite kunkhalango, ndipo amuna anga anati andiperekeza akagule mafuta a nyali. Tinatsika limodzi, iwo atandifunditsa jekete yawo. Pamalo okwerera basi ndinawaona amayi aja atakhala pathumba lawo. Anatipatsa moni wamba, n'kufunsa ngati mwana wadzuka bwino. Ndinapimitsa mwana, ndinabwerera, ndinaphika. Mwezi umenewo ndiwo unali wautali kuposa yonse imene ndakhalapo. Ndinafika poganiza kuti mwina Mulungu sakufuna, makamaka ndikakumbukira jekete ija. Nditawauza amayi aja anangoti, "Mvula ndi mvula basi. Maganizo ukasintha undiuze, sindidzakwiya." Sindinasinthe.

Mwezi wotsatira kunacha bwino. Lole inatenga antchito kupita mbali ina ya phiri. Ndinasesa pabwalo, ndinasiya mbale pathandala ndiponso nsapato zanga zabwino pakhomo kuti ziziwoneka, n'kubereka mwana. Kusikelo ndinapitadi, ndipo anthu a kumalo kwathu anandiona ndili pamzere. Nditatuluka ndinakhotera kumsewu waukulu.

Amayi aja anandipatsira khadi ya chipani ija m'manja ngati akundipatsa moni. Pakhomo la basi panali anyamata a chipani. Mmodzi anaiyang'ana, anayang'ananso ine, n'kundibwezera. Ndinakwera, kondakitala atandigwira mkono. Sitinakhale mpando umodzi. Iwo anali kutsogolo akukangana ndi munthu wina za mbewu ya mbatata, ine kumbuyo nditafunditsa mwana chitenje.

Ku Chimbiya mng'ono wawo anatulutsa kamtolo. Zonse zinalimo, zochapidwa bwino, mpaka kolona yanga imene ndinkayesa kuti inatayika. Munalinso mpango watsopano ndi sopo, zimene sizinali zanga. Amuna a amayi aang'ono anali atafika kale ndi ngolo. Ndinagwada kuti ndithokoze, koma amayi aja anandidzutsa msanga.

"Pano ndi pamsewu, anthu akuona. Kwera. Ine ndiyenera kubwerera thumba lili lopanda kanthu, monga masiku onse."

Amuna anga anafikadi kwa amayi anga tsiku lachitatu. Anapeza atsibweni atakhala pabwalo ndi azibale ena aamuna, ndipo anauzidwa kuti nkhani ikakambidwa ndi ankhoswe, osati ndi ine. Inatenga nthawi, koma ukwati unatha. Ena kutchalitchi ankandiyang'ana cham'mbali, ena ankandigawira mbewu. Ndinakhala kwa amayi aang'ono mpaka titakolola kawiri. Iwo anandipatsa kadimba m'dambo, ndinayamba kulima kabichi ndi anyezi, ndipo mwana wanga anakulira m'menemo.

Patapita zaka zingapo ndinapita ku Chimbiya ndi dengu la anyezi, n'kuwapeza amayi aja pamalo awo akale, imvi zitachuluka. Ndinawatengera nkhuku. Anaiyeza m'manja n'kunena kuti yaonda, koma anailandira. Tikucheza, mng'ono wawo anatulutsa nkhani imene ine sindinkaidziwa. Madzulo a tsiku limene ndinachoka, amuna anga anathyola chitseko cha nyumba ya amayi aja, n'kukankha alonda aja mpaka anagwa n'kuvulala m'chiuno. Onse awiri anaumirira kuti sakudziwa kanthu. Anakhalabe khoma limodzi ndi munthu ameneyo kwa chaka china chathunthu.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire.

"Ukanatani nazo? Ukanangobwerera kudzapepesa." Anathyola nthochi n'kupatsa mwana wanga, amene anali atayamba sukulu. "Chitseko chija chinali chofumbwa kale. Akapitawo anatiikira chatsopano."

Alonda aja sindinawaonenso, anamwalira ndisanawathokoze. Amayi aja ndinawaonanso kangapo, kenako anasamukira kwa ana awo kumalire. Kumeneko ndinapitako kamodzi m'chilimwe, ndinagona masiku awiri, ndipo tinakhalira limodzi pamkeka kusenda nyemba.