Aphunzitsi a Jupita a ku Ligowe

A Lameki Chirambo anafika ku Ligowe ali mnyamata, kuchokera ku Rumphi, boma litawatumiza kudzaphunzitsa sayansi. Dzina lakuti a Jupita analitengera pa phunziro limodzi lomwe, kunena zoona, m'silabasi munalibe.

Anawerenga m'magazini ina yong'ambika kuti dziko lalikulu la Jupita lili ndi mwezi umene mapiri ake amaphulika. Mpweya wa m'mapiriwo umayamba wasanduka plazima, ndiko kuti mpweya wokhala ndi magetsi, kenaka mphamvu ya maginito ya dzikolo imaugwira. Komabe sukhala malo amodzi. Umafalikira pang'onopang'ono, wolemera ukutuluka, wotentha ndi wopepuka ukulowa. Kuti ana aone ndi maso, aphunzitsiwo ankadontheza inki m'beseni la madzi n'kuletsa aliyense kutakasa.

"Zikasakanikirana chonchi, palibe munthu angazilekanitse," ankatero, chala chili m'mwamba.

Eni akewo anasakanikirana ndi anthu a ku Ligowe mosavuta. Anakwatira mayi Dailesi, analowa chikamwini, anabzala manachesi, ana anabadwa. Chitumbuka chinkangowatuluka m'kamwa akapunthwa chala pamwala.

Mu 1989 kunabwera lamulo lakuti aphunzitsi abwerere kuzigawo za kwawo. A Chirambo anavala jekete n'kupita kwa a Zefaniya, mlongo wa mkazi wawo, amenenso anali mwinimbumba.

"Alamu, ndimati mkazi ndi ana ndinyamuke nawo."

"Ana ake ati? Awa a mlongo wangawa? Inu boma lakukumbutsani kwanu, eti? Awa kwawo n'kuno."

"Koma inetu ndakalambira pakhomo pano."

"Mwakalambadi, ndipo munda mumalima bwino. Paja mumati palibe angalekanitse? Kawauzeni a bomawo, mwina magazini ija sanaione."

A Zefaniya anaseka, koma mayi Dailesi, amene anali pomwepo, sanaseke nawo. "Bambo a ana, ingosiyani ntchitoyo mukhale. Manachesi satidyetsa kodi?"

A Chirambo analingalira. Masiku amenewo munthu wosiya ntchito lamulo litangotuluka ankafunsidwa kuti wakwiyira ndani, ndipo ofunsawo sankabwera ndi ulemu. Anakwera lole okha, ndi sutikesi ndi thumba la zipatso.

Ku Rumphi achibale anawalandira bwino kwambiri. Anawaphera nkhuku, anawayalira m'chipinda cha alendo, anawayankhula Chichewa kuti asavutike. Patapita sabata, mkulu wawo anawakhazika pansi n'kuwafunsa mwaulemu kuti kodi akuganiza zobwerera liti kwawo.