Mayeso a Jenifa pa mulu wa kachewere

A Alufeo Zikhalo amalima mbatata ya kachewere m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, pamunda womwewo ankalima bambo awo. Sukulu analekezera Sitandade 6. Ku Lilongwe anapitako kawiri kokha, koyamba kukagula pampu yopopera mbewu, kachiwiri kukaibweza. Ndi munthu woti mutha kuyenda naye mpaka ku Linthipe osamva mawu ake, choncho mwana wawo womaliza, Jenifa, atachedwa kuyankhula, anthu anangoti watengera bambo ake.

Kwa zaka zisanu Jenifa ankangotamandidwa. Mlendo akafika pakhomo, iye maso pansi. Azimayi a kumphakati wa kutchalitchi ankauza a Magadalena, mayi ake, kuti, “Inu ndiye mwalera! Athuwa amatiyang'ana m'maso ngati apolisi a pamsewu.” Kuno kwathu mwana wosayang'ana akulu kumaso ndi waulemu, ndiye palibe anazindikira kuti Jenifa sayang'ana munthu aliyense, kaya mwana mnzake, kaya mayi ake pomusambitsa. Zinaonekera atayamba sukulu. Mvula ikagunda malata ankatseka makutu n'kumakuwa, ndipo aphunzitsi akamufunsa funso ankangolibwereza. Omwe ankatama aja anatembenuka. Kunayamba kumveka kuti a Alufeo anakhwimira mwanayo kuti kachewere azichuluka.

A Alufeo anamukweza Jenifa panjinga n'kupita naye kuchipatala, kumene anakumana ndi a Fadila, dokotala wachitsikana wovala mpango wobiriwira. Iwo anasewera ndi mwanayo nthawi yaitali, kenaka anawapanikiza bambowo ndi mafunso.

“Adokotala, mungomujambula mutuwu,” anatero a Alufeo. “Tione chimene chinathyoka.”

“Palibe chothyoka, bambo. Zimenezi amati otizimu, ndipo simunachititse ndinu.” A Fadila anafotokoza kuti akatswiri amajambuladi ubongo wa ana ambiri otere pofufuza, ndipo ambiri apeza kuti mbali za ubongo wawo zimalumikizana mosiyana ndi ana ena, pena njira zochuluka, pena zochepa. “Koma ana oterewa safanana, ndipo chithunzi sichingakuuzeni za Jenifa. Za iyeyu muziona nokha. Muziona nthawi imene amamva bwino, ndi nthawi imene zimamusokoneza.”

Kwa munthu wokulira m'mphepete mwa Chongoni, nkhani ya njira sinali yovuta. Amadziwa kuti mlatho ukakokoloka anthu sasiya kupita kumsika, amangodzera kwina. A Alufeo anayamba kumuyang'anitsitsa mwana wawo monga amayang'anira masamba a kachewere nthawi ya chiwawu. Ndipo anaona chinthu. Ukamuima kutsogolo n'kumufunsa, Jenifa amauma. Koma akakhala pambali pako posankha mbewu, manja ali kalikiliki kupatula zazikulu, zazing'ono ndi zoola, mawu amatuluka okha.

Chaka chimene anakwanitsa zaka khumi, anzake a katekisimu ankakonzekera kulandira Ukaristia koyamba. Jenifa anali atakhala m'kalasimo zaka ziwiri, pakona, osajomba. A Magadalena anali atasoketsa kale diresi loyera. Koma pa tsiku la mayeso, a Rafaelo, katekisti wokalamba wa chifuwa chosatha, anamuimika kutsogolo kwa ana makumi anayi n'kumufunsa kuti anamulenga ndani. Jenifa anatseka makutu. Dzina lake silinalowe m'kaundula wopita kwa bambo mfumu, ndipo kaundulayo amayenera kupita Lolemba.

Loweruka m'mawa a Alufeo anavala jekete la kutchalitchi n'kupita kwa a Rafaelo.

“Aphunzitsi, ndabwera kudzapempha kuti mwana uja mumuyesenso.”

“A Zikhalo, ine ndilibe naye mlandu mwanayo. Koma ndikawauza chiyani bambo mfumu? Kuti anayankha mumtima?”

“Mudzamuyesere kwathu. Pa kachewere.”

A Rafaelo anatsokomola kaye. “Zaka makumi atatu ndikuphunzitsa, sindinayesepo munthu pa kachewere. Mawa mudzati ndikabatize m'dimba.”

“Mukabwera, mubwerera ndi ndowa ya mbewu.”

“Ziphuphu kwa katekisti! Mukaulule zimenezi.” Koma anatenga chipewa chawo.

Anapeza Jenifa atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, mulu wa kachewere uli patsogolo pake. A Alufeo anawapatsa alendowo kampando pambali pa mwanayo, osati kutsogolo, n'kuwanong'oneza kuti asamuyang'ane, azingosankha nawo. A Rafaelo anatola mbatata imodzi n'kuiponya pa zazikulu. Jenifa anaichotsa, n'kuiika pa zapakati.

“Ndalephera kale ine,” anadandaula mkuluyo. Kenaka, maso ali pa mulu, anafunsa ngati akudziyankhulira yekha: “Kodi anatilenga ndani?”

Panapita mbatata zitatu.

“Anatilenga Mulungu,” anatero Jenifa. Kenaka anatsokomola kawiri, n'kuwonjezera ndi mawu okhuthala, “Iwe Stefano kumbuyoko, ndikutulutsa!”

A Magadalena, amene ankasuzumira pakona ya nyumba, anadzitseka pakamwa ndi chitenje. Anali mawu a a Rafaelo enieni, ndi chifuwa chomwe. Mafunso asanu ndi limodzi otsatira anayankhidwa chimodzimodzi, osaphonya liwu.

A Rafaelo sanaseke nawo kwenikweni. Anapukuta manja pa thalauza. “A Zikhalo, mwanayu wasunga zonse, kuposa anzake. Koma wailesi nayonso imasunga. Chimene bambo mfumu afune kudziwa n'chakuti, kodi akudziwa kuti chimene akalandirecho si chakudya wamba?”

Funso limeneli silinali m'kalasi, ndiye panalibe choti Jenifa abwereze. A Magadalena analowa m'nyumba n'kutuluka ndi banzi limene anasungira alendowo, n'kuliika pamphasa.

A Rafaelo analinyema. “Kodi ichi,” anafunsa mulu wa kachewere uja, “n'chimodzimodzi ndi chimene amapereka bambo mfumu pa Misa?”

Manja a Jenifa anaima. Anatenga chidutswacho, n'kuchinunkhiza, n'kuchiika patali ndi milu yake yonse.

“Cha tiyi,” anatero. Anatolanso mbatata, n'kuitembenuza kangapo. “Cha kutchalitchi n'chogwadira. Ndi Yesu.”

Mawu amenewa sanatsagane ndi chifuwa cha munthu aliyense. Anali akeake, aang'ono, okwera pang'ono kumapeto.

A Rafaelo anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi. Cholembera chinakana, mpaka anachikanda pa sole ya nsapato. Analemba dzinalo pansi pa mayina ena, atatsamiza pepalalo pabondo.

“Koma tsikulo kudzakhala ng'oma ndi nthungululu,” anatero a Magadalena, amene nkhawa yawo imathamanga patsogolo nthawi zonse. “Komanso mwanayu salola chakudya chachilendo m'kamwa. Akakalavula pamaso pa anthu?”

“Adzakhale pafupi ndi khomo, alandire woyamba kwaya isanatenthe,” anayankha a Rafaelo. “Za kulavulazo, ndikapempha kwa bambo mfumu timikate tosadalitsa. Tiziyeserera kuno Lachitatu lililonse mpaka azolowere.” Anaimirira movutikira, atagwira msana. “Ndipo mundipezere mpando wabwinoko, a Zikhalo. Zikakhala kuti ana otere alipo enanso m'midzi muno, ndiye kuti ndiziyenda kwambiri chaka chino.”

A Alufeo anawaperekeza mpaka pamsewu, kenaka anabwerera n'kuvula jekete. Lachitatu linali patali masiku anayi, ndipo mpando umene anali nawo m'maganizo unkafunika misomali.