Migula ya Bambo Anga

Munthu akanditamandira chipani chija chomenyera ufulu, ndimangomuyang'ana. Iye ankamva nyimbo zake, ine ndinaona zimene chinachita pamaliro a bambo anga.

Inali nthawi ya chitaganya, ine ndili ndi mwana kumsana. Boma la atsamunda linkatikakamiza kuunda migula yotchinga madzi m'minda, ndipo wokana ankamuzulira chimanga. Achipani anati aliyense wounda mgula ndi wogulitsa dziko. Kwathu wotsogolera anali amalume anga enieni, mlongo wawo wa amayi.

Chitaganya bambo ankadana nacho ngati wina aliyense. Koma munda wathu unali pamtsetse, m'munsi mwa phiri la Chongoni, ndipo mvula ikagwa kachewere ankakapezeka kudambo. Migula bambo anaunda okha, popanda wowatuma.

"Alamu, gumulani zimenezo," anatero amalume.

"Dothi likapita, ufuluwo tidzaulima pamwala?" anayankha bambo.

Basi, mlandu wawo unali womwewo. Mkamwini wamwano, ati.

Dzinja lomwelo chifuwa chinawatenga bambo. Tinatumiza uthenga kwa adzukulu okumba manda, koma dzuwa linafika pamutu osaoneka ndi mmodzi yemwe wonyamula khasu. Amalume anali atawaletsa. Mtembo uli pamphasa, amayi mawu atatha ndi kulira, ine ndinapita kukagwada pamaso pawo.

"Amalume, maliro n'kulirana."

"Kaitaneni azungu ake adzamukumbire," anatero, osandiyang'ana n'komwe. "Apo ayi, gumulani kaye migula."

Kalanga ine! Munthu amene bambo anamufolerera nyumba! Ntchentche zinali zitayamba kulowa m'nyumba, ndiye tikanatani? Ine ndi amayi tinatenga makasu, limodzi la malemu lomwe, n'kukwera kumunda. Tinagumula migula yonse, anyamata achipani ataima m'malire akuimba za ufulu. Titatsika, m'pamene adzukulu ananyamuka kupita kumanda.

Mvula yotsatira inakokolola mundawo mpaka miyala kuonekera. Lero mumamera tsekera basi.

Chipani chitatenga boma, amalume omwewo, atavala jekete, ankayenda m'midzi kutiuza kuti tiunde migula, nthaka ndi chuma. Manyazi analibe ngakhale pang'ono.

Amalumewo atamwalira ndinapita kumaliro. Ndinatunga madzi, ndinaphikira adzukulu, chifukwa mtembo sukhala ndi mlandu. Koma azimayi atandikodola kuti ndilowe m'nyumba ndikalire, ndinakhala panja. Misozi yanga inathera kumunda kuja.